Mphepo ya a Chirwa

LOLEMBA

M'mawa. Zaka zitatu mu ofesi muno, ine wophunzira za ziwerengero, ntchito yanga yakhala kulemba mayina a obwera kumisonkhano ndi kuwagawira mabotolo a madzi. Lero Bwana andiitana ndi dzina langa lenileni, osati "mayi wa ku Dedza uja". Ndinachita kutembenuka kuti ndione ngati kumbuyo kwanga kuli munthu wina.

Nkhani ndi iyi. Likulu lathu ku Lilongwe lili ndi makina opanga magetsi ndi mphepo, oti aziyendetsa pampu ya madzi. Amodzi okha. Malo owafuna ndi atatu kuno ku Mzuzu: Chibanja, Chibavi ndi Lupaso. Ine ndiyeze mphepo konseko, ndione komwe imawomba mwamphamvu ndiponso mosadukiza, ndilembe lipoti, Lolemba likubwerali ndikwere basi kukalifotokoza ku likulu.

Ku likulu! Komwe kuli mpando wopanda munthu m'chipinda cha ziwerengero, ndipo amene amasankha wokhalapo adzakhala pamsonkhanowo. Komwe kuli bambo a Tadala, ndi Tadala mwiniwake, amene ndinamusiya ali Sitandade 5 ndipo tsopano akukonzekera mayeso a Sitandade 8 popanda mayi ake.

Ndauza Bwana kuti mphepo sayeza sabata imodzi. Imafuna chaka chathunthu, chifukwa ya nthawi yozizira si ya nthawi yotentha. Iwo akuti, "Amama, chaka n'chachitali chomene. Yezani sabata, muchulukitse." Basi ya ku Lilongwe ndikuiona kale m'maso.

Zimene ndapatsidwa:
- makina atatu oyezera mphepo. Alionse ali ndi timakapu titatu tozungulira, ndi kabokosi kolemba liwiro la mphepo pa kakadi
- mapaipi atatu oimikira
- kalata ya chidindo
- galimoto ayi. Ili ndi a Msiska, anzanga a mu ofesi, amene apita kukaona holo ya msonkhano wa mwezi wamawa. Holo yomweyo timachitiramo misonkhano yonse.

Madzulo. Ndayenda pa njinga ziwiri za sakaramento, kabaza wa kuno, ina ya ine, ina ya mapaipi. Tauni yonse yandiona.

Ku Chibanja ndaimika paipi pabwalo la amama NyaMhango, namwino wopuma ntchito. Ku Chibavi, pamwamba pa shopu ya a Gondwe, owotcherera zitsulo. Ku Lupaso, pambali pa nyumba ya a Chirwa, mkulu wa mpingo, pachitunda. Onse atatu ndawauza chinthu chimodzi chokha, kuti asakhudze. Onse atatu ayankha chimodzimodzi: "Palije suzgo." Palibe vuto.

A Chirwa okha ndiwo afunsa funso. "Ndiye kuti komwe timakaputi tathamanga kwambiri ndi komwe kubwere madzi?" Ndati inde. Ndasangalala kuti pali munthu mmodzi amene wamvetsa.

LACHIWIRI

Kamvula ka Mzuzu. Sikagwa, kamangoyandama, koma kukunyowetsa mpaka m'mafupa.

Ndafika ku Chibanja ndi kompyuta yanga m'jumbo. Paipi ilipo. Pamwamba pa paipi palibe kanthu!

Ndinayamba kale kulemba m'mutu kalata yofotokoza za kubedwa kwa katundu.

Makina ali pabalaza. Patebulo. Pansi pake ayalapo kansalu koluka, pamwamba afunditsa thawulo. Amama NyaMhango akuti, "Katundu wa ofesi sanganyowe pakhomo panga, mwana wanga. Ine ndinagwira ntchito zaka zambiri, sindinaonongepo ngakhale sizasi." Anachita kupempha aneba awiri kuti awathandize kugwetsa paipi dzulo lomwelo, nditangokhota pakona.

Zimene kakadi kalemba ku Chibanja:
- mphindi zochepa za mphepo yeniyeni
- ziro
- ziro
- kugwedera pang'ono m'mawa wa lero

Kugwedera kumeneko ndi mphaka.

Ndawafotokozera kuti makinawa anawapangira panja. Mvula, dzuwa, fumbi, zonse amapirira. Amvetsera bwinobwino, akugwedeza mutu, kenako andipatsa tiyi ndi chinangwa chophika. Sungakalipire munthu uli ndi chinangwa chake m'kamwa. Tabwezera makina pamwamba, ine ndi aneba omwe aja.

Tsiku limodzi latayika ku Chibanja. Kwatsala anayi. Chaka chinasanduka sabata, sabata ikusanduka masiku anayi, ndipo ine ndi amene ndikaimirire pamaso pa akuluakulu n'kumati iyi ndi sayansi.

Nsapato zanyowa. Ndaziika kuseri kwa chitseko, zikununkha ngati galu.

LACHITATU

M'mawa, Chibavi. Matope! Wa sakaramento anditsitsa pamsewu, akuti kumunsi uko njinga sibwerako. Ndayenda ndekha, nsapato zachiwiri.

Mphepo ikuwomba ndithu. Zovala pazingwe zikuuluka, malata a shopu akulira, jumbo yakuda yandidutsa kumaso. Ndayang'ana pamwamba. Timakapu tangoti zii, ngati tojambula.

A Gondwe atuluka akumwetulira, magalasi akuda ali pachipumi. "Amama, ndakukonzerani. Kanali kolefuka, kamazungulira kwambiri. Kakanatha pofika Lachisanu. Ndamanga nati."

Amanga nati! Ndi sipanala yaikulu, ndi mtima wonse. Kuyambira Lolemba madzulo. Ndawafunsa ngati sindinanene kuti asakhudze. Akuti sanakhudze, anakonza.

Tamasula. Tsopano kakuzungulira, koma mopendama, ndipo kakulira ngati mwana wa mbuzi. Manambala ake sindingawakhulupirire. A Gondwe akuti akhoza kuwongola ndi hamala pang'ono. Ndawagwira dzanja. Ndawagwiradi, ine mkazi wa mwini, pamaso pa makasitomala awo.

Masana, Lupaso. Ndinaimba foni kuti ndikubwera. A Chirwa ndawapeza akundidikira kumsewu, avala jekete. "Monire amama! Mwatandala uli?" Andinyamulira jumbo mpaka kunyumba. Makina ali pomwe ndinawasiya, oyera, osakhudzidwa, akuzungulira mwaulesi. A Chirwa akuti nthawi ino ndi yomwe mphepo imapumula.

Ndatsegula kakadi pakhonde pawo.

Mayo ine! Mphepo! Yamphamvu, yokhazikika, maola ambirimbiri osatsika. Mzere wa pa galafu wayenda chowongoka ngati msewu wa tala. Kusukulu aphunzitsi ankatijambulira zotere pabolodi n'kumati m'moyo weniweni simudzaziona. Ndaziona ku Lupaso.

Madzulo. Zimene ndachita chifukwa cha chimwemwe:
- ndatumizira Bwana galafu nthawi yomweyo. Ayankha ndi zithunzi za manja owomba
- ndagula khofi wa kuno wa bambo a Tadala
- ndatsitsa sutikesi pamwamba pa wadiropu
- ndaimba kunyumba

Tadala akuti, "Amayi, mukabwera mudzandiluke tsitsi inuyo. A ku saluni amakoka." Ndamuuza kuti Lolemba madzulo akhale atamasula kale.

LACHINAYI

Tsiku lonse mu ofesi, ine ndi manambala a ku Lupaso. Ndimafuna kungowakongoletsa. Ndikanakhala munthu wanzeru ndikanapaka mitundu n'kutseka kompyuta.

Koma ndayamba kuwayang'anitsitsa.

Zimene sizikundigoneka mtima:
- mphepo ya ku Lupaso imayamba nthawi imodzimodzi m'mawa uliwonse, ngati wantchito wa m'boma wakale
- sikwera pang'onopang'ono. Imachoka pansi n'kufika pamwamba kamodzin'kamodzi
- ili ndi maliwiro atatu okha. Wotsika, wapakati, wokwera. Pakati pa awa palibe chilichonse
- Lachiwiri inasiya mwadzidzidzi chakum'mawa, n'kudzabwera masana
- dzulo inasiya nditangoimba foni ija

Mphepo yeniyeni sichita chonchi. Imagwedera, imanama, imakwiya, imaiwala. Ukajambula maliwiro ake pamatuluka kaphiri kopendekeka, kokhala ndi mchira wautali. Ya ku Lupaso yatulutsa mizati itatu.

Ndinadziuza kuti mwina n'chifukwa cha chitunda. Zitunda zili ndi machitidwe ake. Ndinadziuza kawiri.

Masana walowa NyaSoko, mlembi wa Bwana, amene amakhala ku Lupaso komweko ndipo amagulitsa mafilizesi. Akudandaula kwa aliyense wofuna kumva kuti Lachiwiri mafilizesi ake onse anasungunuka. "Magetsi anathima naini koloko, kubwera thuu koloko. Furiji yonse madzi okhaokha!"

Ndayang'ana galafu. Naini koloko. Thuu koloko.

Ndamufunsa modekha ngati Lolemba madzulo anathimanso pang'ono. Akuti enya, anathima nthawi ya nkhani za pa wailesi, koma sanachedwe. Ndayang'ana. Kadzenje kali pomwepo.

Ndapeza mphepo yoyamba m'dziko muno yomwe imasiya kuwomba magetsi akathima.

Bwana adutsa pakhomo panga, akuti, "Amama, galafu ija! Ku likulu akagwa nayo pansi." Ndamwetulira. Mano okha.

Amama NyaMhango aimba foni kuti ndisadandaule, makina sanawatsitsenso. Angowavundikira ndi ndowa.

LACHISANU

Sindinaimbe foni.

Ndatsika patali, ndadzera kanjira ka kumbuyo, m'munda wa nthochi. Ndisanaione nyumba ndamva kale kulira kwake. Vuuu.

Makwerero atsamira khoma. Pamwamba pa makwerero amangirira thabwa. Pathabwa, yomangidwa ndi malamba a chubu, pali fani. Fani ya patebulo, yobiriwira, yoyang'anizana ndi timakapu tanga ngati anthu awiri akunong'onezana. Chingwe chatsika khoma, chalowa pawindo la kuchipinda. Ili pa nambala 3.

Timakapu tikuthamanga ngati tapenga.

A Chirwa ali pansi pake pa mpando, malaya amkati, akusenda mbatata. Andiona. Sanathawe, sanazimitse. Aimirira, apukuta manja, akuti, "Amama, simunaimbe."

Ndinakonza mawu ambiri m'njira. Onse athawa. Ndangoloza fani.

Akuti, "Mphepo kuno iliko, amama. Nadi iliko. Kungoti sabata ino yachita manyazi. Ine ndimangoithandiza."

Ndawauza kuti ili ndi bodza, kuti awononga ntchito yanga, kuti tsopano sindikudziwa n'komwe ngati ku Lupaso kuli mphepo chifukwa fani yawo yaphimba zonse. Ndawakumbutsa kuti ndi mkulu wa mpingo.

Sanatsutse. Angonditengera kumapeto kwa bwalo n'kundilozera kumunsi. Kanjira koterera, kotsetsereka, kofiira, kotsikira kudambo. Amayi atatu akukwera ndi zidebe pamutu, akuponda cham'mbali kuti asagwe. Wam'mbuyo ndi wachikulire, akuima pa masitepe angapo alionse, dzanja pabondo.

"Am'mbuyowo ndi akazi anga. Chaka chatha anagwa pamenepo, anagona mwezi. Inu munati komwe timakapu tathamanga ndi komwe kubwere madzi."

Ndinaterodi. Ndi pakamwa panga.

Ndayesa kufotokoza kuti makina akuluwo akadzaimikidwa pamalo opanda mphepo adzangokhala chitsulo, pampu sidzatulutsa ngakhale dontho, ndipo amayiwo adzatsikabe kudambo, kusiyana kwake adzakhala akudutsa pansi pa chitsulocho. Akuti, "Koma chikakhala pano, tsiku lina chidzazungulira. Chikapita ku Chibanja, ife sitidzachionanso."



Azimitsa fani okha. Timakapu tayenda pang'ono, taima, tayambanso pang'onopang'ono. Imeneyo ndiye mphepo ya ku Lupaso, ndipo ndaiona kwa mphindi ziwiri zokha m'sabata yonse.

Andithandiza kutsitsa paipi. Andinyamulira mpaka kumsewu. Akazi awo andipatsa mbatata m'jumbo. Ndalandira! Ndine munthu wotani?

Madzulo. Makina onse atatu ali m'makatoni, pansi pa tebulo langa. Zokolola za sabata:
- Chibanja: mphaka ndi ndowa
- Chibavi: nati
- Lupaso: fani

LOWERUKA

Bwana ati tikumane ku ofesi m'mawa kuti timalize lipoti. Ndawapeza ndi a Msiska, amene Loweruka sabwera ku ofesi ngakhale kutayaka moto.

Ndanena zonse. Ndawaonetsa mizati itatu ija, maola a kuthima kwa magetsi, chithunzi cha fani chomwe ndinajambula pafoni. A Msiska aseka mpaka kutsokomola. Bwana sanaseke.

Akuti, "Amama, kodi fani situlutsa mphepo?"

Ndinaganiza kuti akuseka. Sakuseka.

Akuti ku likulu sakufuna nkhani ya mphaka. Akufuna dzina la malo amodzi ndi galafu imodzi. Tikapanda kupereka sabata ino, makina apita ku boma lina, Mzuzu yense atsala wopanda kanthu. Ku Lupaso kuli chitunda, kuli anthu ovutika ndi madzi, ndipo galafu ilipo kale. Ndani walakwiridwa?

Ndati makinawo akadzapanda kuzungulira, adzafunsa amene anayeza.

Atsitsa mawu. "Nthawi imeneyo inu mudzakhala muli ku Lilongwe, amama. Ndi mwana wanu."

Andikankhira pepala ndi cholembera.

Ndilembe zoona muno, poti muno sawerenga wina. Cholembera ndinachitenga. Ndinachotsa chivindikiro. Ndinayang'ana mzere wosainapo nthawi yaitali, mpaka a Msiska anayamba kusewera ndi makiyi a galimoto. Sindinaganize za sayansi ngakhale pang'ono. Ndinaganiza za tsitsi la Tadala. Kenako ndinaona ine ndemwe nditakhala pa mpando uja ku likulu, chaka chamawa, wina akulowa ndi chithunzi cha chitsulo chosazungulira, ndi akazi awo a Chirwa pansi pake, chidebe pamutu, dzina langa lili m'munsi mwa lipoti.

Ndabwezera chivindikiro.

Ndawapatsa lipoti langa. Tsamba limodzi. Likuti sitikudziwa, likufotokoza chifukwa chake, likupempha kuti tiyeze chaka chathunthu pa mapaipi aatali otchingidwa ndi waya.

Bwana aliwerenga ataligwira patali ngati lanyowa. "Mawu akuti sitikudziwa sakwera basi, amama."

Ndinaiwala chinthu chimodzi. Galafu ali nayo kale. Ndinawatumizira ndekha Lachitatu, ndi mtima wanga wonse.

A Msiska ndiwo apita Lolemba. Osati pa basi, pa galimoto ya ofesi. Asaina pomwepo, osawerenga. Kenako anditsatira kuchipinda kwanga kudzafunsa kuti mzere wopingasawo ukutanthauza chiyani, ndiponso ngati ndingawalembere pa kapepala mawu awiri atatu oti akanene akafunsidwa za avareji.

Sindinawalembere. Ndangopempha kuti dzina langa alichotse pansi pa galafu. Ati palibe chovuta, analichotsa kale.

Masana. Ndadutsa pa depoti popanda chifukwa. Mabasi a ku Lilongwe ali pamzere, oitanira akukuwa. Mmodzi wandigwira jumbo, "Lilongwe, amama? Yatsala siti imodzi!" Ndamukalipira kwambiri kuposa mmene analakwira.

LAMULUNGU

Ndaimba kunyumba ndisanapite ku tchalitchi, kuti ndithane nazo.

Bambo a Tadala amvetsera mpaka kumapeto. Kenako akuti, "Mwachita bwino, mayi a Tadala." Anena ndi mawu omwe munthu amanenera kuti mvula yagwa bwino denga lake likudontha. Afunsa ngati mpando uja udzakhalabe wopanda munthu. Ndati sindikudziwa. Sabata ino mawu amenewa ndawanena kwambiri.

Tadala sanalire. Akuti, "Chabwino amayi." Tsitsi anamasula dzulo, poti Lolemba ali ndi sukulu mpaka madzulo. Apita naye ku saluni masana ano.

Ku tchalitchi sindinamve ulaliki. Ndimayang'ana fani ya kudenga.

Ndaganiza zolemba ndekha kalata ku likulu, kudumpha Bwana. Ndalemba mizere itatu. Ndikaitumiza, a Chirwa achita manyazi pamaso pa mpingo wawo, makina apita kwina, ine ndikhala mayi wa ku Dedza amene anamana Mzuzu madzi. Ndikapanda kuitumiza, chitsulo chiima ku Lupaso, mwina chizungulira, mwina ayi. Ndaipinda, ndaiika m'Baibulo. Ndidzaionanso Lachitatu, mutu ukazizira.

Masana kwayamba mphepo. Yeniyeni. Mitengo ya paini kuseri kwa nyumba ikulira, chidebe cha aneba chagubuduzika mpaka kumsewu. Ikuwomba ku Chibanja, ikuwomba ku Chibavi, ku Lupaso sindikudziwa. Makina atatu ali m'makatoni.

Zimene ndachita m'malo mwake:
- ndabwezera sutikesi pamwamba
- ndatsegula khofi wa bambo a Tadala, ndamwa makapu awiri
- ndaphika mbatata za a Chirwa. N'zokoma, zimene zikundinyansa

Kenako ndayang'ana windo la pabalaza. Chifikireni m'nyumba muno pamakhala chitenje chopachika pa misomali iwiri, chifukwa ndinkati munthu wodutsa sagula makatani. Makatani ndinali nawo, mphatso ya pa ukwati, akadali m'pepala lake pansi pa bedi. Lero ndawatulutsa. Ndabwereka hamala kwa eni nyumba, ndakhoma waya, ndadzimenya chala kamodzi. Ndi aafupi pang'ono kumunsi, koma akhala.

Pobweza hamala, eni nyumba atuluka kudzaona. Amamawo ayang'ana windo, ayang'ana ine, asekerera ndi nkhope yonse.

"Eya, amama! Tsopano mwakhazikika. Ndinu wa kuno."

Ndati yewo.